Madzi Obisika m'Timibulu Touma

Mphunzitsi mnzanga, alipo ena amene amati Cinyanja sicingathe kusenza phunziro la sayansi. Ine nditsutsa, ndipo mboni yanga ndi timibulu tabuluu ta copper sulphate.

Timibulu timeneti tioneka touma, koma m'kati mwake muli madzi omangika. Mukatenthetsa magalamu 25 kufikira ubuluu wonse utatha, patsala magalamu 16 a ufa woyera, pakuti magalamu 9 a madzi acoka monga nthunzi. Mukadonthezera madzi pa ufawo, ubuluu ubwerera, ndipo ufawo utentha.

Nanga mwana adzafotokoza bwanji zimene waona? Cilankhulo cake cisiyanitsa kale kuwira ndi kuphwa, ndiponso nthunzi ndi utsi. Madzi a mumphika awira pamoto. Madzi a pathamanda aphwa ndi dzuwa popanda kuwira. Utsi ucokera ku cinthu cimene cikupsa, koma nthunzi ikakhudza civundikiro cozizira isandukanso madontho a madzi. Cotero mwana wonena kuti "timibulu tapsa" waphonya, pamene wonena kuti "madzi acoka" wagwira mfundo. Nchito yanu, inu mphunzitsi wa cilankhulo, ndiyo kumcotsa pa mau oyambawo ndi kumfikitsa pa aciwiriwo.

Dzina lakuti copper sulphate tingabwereke popanda manyazi, pakuti zilankhulo zonse zimabwerekana. Koma kulingalira kucitike m'cilankhulo ca mwana. Woloweza Cingelezi cokha mwina adzapambana mayeso, koma mukamfunsa kumene magalamu 9 aja anapita, adzangoti kukamwa yasa.