Kanema Walowa M'nyumba ku Mitundu ndi Nathenje

Kwa zaka zambiri madandaulo a makolo ndi aphunzitsi a ku Mitundu ndi Nathenje, monganso a m'misika ina ya dziko lino, akhala ali pa tinyumba toonetseramo vidiyo. Aliyense woyenda m'misika amatidziwa tinyumbato: nsalu yotchinga pakhomo, chimkuzamawu panja, ndi ana okhala mothinana mumdima, ena atavala yunifolomu pa nthawi imene anzawo ali m'kalasi. Mafumu ndi makomiti a sukulu akhala akudzudzula khalidweli, ndipo lamulo loyang'anira zoonetsa anthu lilipo kuyambira 1968. Koma pamene maso a akuluakulu anali pa msika, kanemayo anadzera khomo lina nalowa m'nyumba, ndipo tsopano akugona pa mphasa imodzi ndi ana.

Kusinthaku kwachitika mu mbadwo umodzi wokha. Lamya za m'manja zinafika m'Malawi mu 1995 pamene kampani ya TNM inayamba ntchito, ndipo Celtel, imene lero ndi Airtel, inatsatira mu 1999, chaka chomwecho chimene Television Malawi inayamba kuulutsa. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja oposa theka pang'ono anali ndi lamya ya m'manja. Kumene magetsi a ESCOM sanafike kwafika sola, ndipo kusowa ndalama ya intaneti sikuletsa kanthu, pakuti anyamata a pa msika amathira mafilimu omasuliridwa m'Chichewa pa memori khadi pa mtengo wochepa.

Nyumba zimene zinayamba kulandira mlendoyu ndi za anthu a malipiro a pamwezi: aphunzitsi, makalaliki, anamwino, alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito ku Bunda. Mwana wa mlimi akaweruka ku sukulu amapeza mbuzi ndi nkhuni zikumudikira, pamene mwana wa mphunzitsi amapeza kanema pabalaza ndi lamya ya mayi ake pa tebulo. Chotero owerenga tsamba lino asayese kuti nkhaniyi ikunena za ana a eni ake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choyamba kuonongeka ndi tulo. Madokotala amanena kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10. Thupi limakonzekera tulo kukada, potulutsa mchere wina wotchedwa melatonin, koma kuwala kolowa m'maso usiku kumachedwetsa ntchito imeneyi, ndipo choposa kuwalako ndi chidwi cha filimu kapena macheza a pa WhatsApp, zimene sizilola mtima kukhazikika. Tsono mwana wa Sitandade 8 amene wazimitsa lamya 11 koloko usiku, nadzuka 5 koloko m'mawa kuti asese, atunge madzi ndi kuyamba ulendo wa ku sukulu, wagona maola 6 okha. Mwana wotere amasinza m'kalasi, amakwiya msanga, amaiwala zimene waphunzira dzulo, ndipo mphunzitsi amamulemba m'gulu la aulesi. Mphunzitsi yemweyo, ngati naye wachezera pa Facebook, amalowa m'kalasi ndi mutu wolemera womwewo.

Nkhawa yaikulu ili pa makanda ndi ana osayamba sukulu. Chafala tsopano chizolowezi chopatsa mwana lamya kuti atonthole, mayi aphike kapena achonge makope mwamtendere. Mwanayo amatontholadi, ndipo alendo amamuyamikira kuti ndi wochenjera poona kachala kake kakudziwa pokhudza. Komatu mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa: iye atulutsa mawu osamveka, mayi amubwezera, agogo amuseka namutchula dzina, ndipo m'kubwezerana kumeneku ndi mmene lilime limamasukira. Kanema amalankhula yekha osadikira yankho. Ola lililonse limene mwana wakhala chete ndi lamya lachotsedwa pa maola amene akadamva Chichewa cha anthu amoyo. Pa chifukwa chimenechi Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse, WHO, linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonetsedwe kanema konse, ndi kuti wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo likachepa nkwabwino koposa. Malangizo omwewo amati mwana wa msinkhu umenewu azisewera mothamangathamanga maola atatu pa tsiku. Ana a m'midzi ya ku Mitundu akhala akukwaniritsa zimenezi kuyambira kale popanda wowauza, pa masanje, phada, fulaye ndi mpira wachikulunga.

Za maso nazo nzofunika kuzimvetsa bwino, pakuti pamanenedwa zambiri zongoopseza. Munthu akayang'anitsitsa galasi la lamya amaphethira mochepa, ndiye chifukwa chake maso amauma, kuyabwa ndi kufiira, mutu nkumapweteka. Zimenezi zimatha munthu akapumula. Chimene sichibwerera ndi vuto losaona patali, limene limakula mwa ana okhala nthawi yaitali m'nyumba akuyang'ana zinthu zapafupi. M'mizinda ina ya kum'mawa kwa Asia achinyamata ambiri omaliza sekondale amavala magalasi, ndipo Boma la Taiwan linalimbikitsa sukulu zake kuyambira 2010 kuti ana azikhala panja maola awiri pa tsiku, popeza kuwala kwa dzuwa kumateteza maso amene akukula. Dziko la Malawi lili nalo dzuwa lokwanira. Chosowa ndi madokotala a maso ndi ndalama ya magalasi, kotero kuti mwana wa ku Nathenje amene wasiya kuona pa bolodi angathe kutha zaka akulephera mayeso wina asanazindikire chifukwa chake. Makutu nawo amagontha pang'onopang'ono ndi timahedifoni tokwezedwa kwambiri, ndipo kugontha kotere kulibe mankhwala.

Akuluakulu sali kunja kwa ngoziyi. Kalaliki amene wakhala pa mpando tsiku lonse mu ofesi, nakwera kabaza pobwerera, nakhalanso pa mpando kuonera mpira wa ku England kufikira usiku, akudziitanira kunenepa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Palinso njuga za pa lamya, zimene zikudya malipiro a anthu mwezi usanafike pakati. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Palibe wanzeru amene anganene kuti lamya zitayidwe. Mayi wa kumudzi amalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money osakwera basi, ndipo Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011, chathandiza amayi oyembekezera ambiri kupeza malangizo ali kunyumba. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, wailesi ndi lamya ndizo zinasunga maphunziro a ana ena. Boma lenilenilo, kudzera mu ndondomeko ya BEFIT imene inayamba mu 2023, linayamba kupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aphunzire kuwerenga ndi masamu. Koma ku sukulu tabuleti ili ndi nthawi yake yoikika, ili ndi mphunzitsi woyang'anira, ndipo nthawi ikakwana imabwezedwa kukatsekeredwa. Kunyumba kulibe belu, ndipo mfumu kapena wapolisi sangalowe kuchipinda kwa munthu kukazimitsa lamya. Dziko la China linayesa njira ya lamulo mu 2021 pololeza ana masewera a pa intaneti maola atatu okha pa sabata, koma lamulo lotere limafuna makina ndi kalondolondo amene dziko lino lilibe.

Ntchito yatsalira makolo ndi amene amakumana ndi makolo. Alangizi a zaumoyo amene amayendetsa sikelo ya ana pa chipatala cha Mitundu, cha Nathenje ndi m'midzi yozungulira angathe kuwonjezera funso limodzi pa mafunso a kadyedwe ndi katemera: mwanayu amaonera kanema nthawi yaitali bwanji? Mphunzitsi akaona mwana wosinza kapena wotsinzina poyang'ana pa bolodi, amufunse nthawi imene anagona ndi kumusendeza kutsogolo asanafike pa chilango. Aphunzitsi aakulu aike nkhaniyi pa misonkhano ya makolo teremu ino, ndipo pempho lake likhale losavuta kulitsata: lamya zonse za m'nyumba, kuyambira ya bambo, zizikhala pabalaza nthawi ya nsima ndi nthawi yogona.