Kodi Vasco da Gama Adatulukira Chiyani?

Tsiku lina ndikuphunzitsa mbiri yakale mu Fomu 2, ndidalemba pa bolodi kuti Vasco da Gama adatulukira njira ya panyanja yopita ku India m'chaka cha 1498. Mtsikana wina wokhala kumbuyo adaimika mkono nati, "Aphunzitsi, nanga munthu uja adamtenga ku Malindi kuti amlondolere, iye adaidziŵa bwanji njira yosatulukiridwayo?" Anzake adaseka. Ine ndidasoŵa chonena.

Yankho la mwanayu lili m'miseu ya Kochi, doko la m'chigawo cha Kerala kumwera kwa India, limene mabuku akale amalitcha Cochin. Chidamanga mzindawu ndi tsabola wakuda. Aŵerengi asamsokoneze ndi kambuzi wa kuseri kwa nyumba zathu, pakuti uyo kwao nku America. Wakudayu ndi tinjere tobala pa chomera choyanga m'mitengo, ndipo Aroma ankabwera ndi golide kudzamgula padoko la Muziris zaka zoposa chikwi Da Gama asanabadwe. Akatswiri ambiri amati chigumula cha mtsinje wa Periyar m'chaka cha 1341 ndicho chidakwirira doko lakalelo ndi kutsekula la Kochi. Malonda sadafe, adangosamuka.

Mlendo akaima pagombe la Fort Kochi amaona maukonde akuluakulu olendeŵera pa mitengo, amene asodzi amawatsitsa ndi kuwakweza mothandizidwa ndi miyala yomangidwa ku zingwe. Eni ake amawatcha maukonde a ku China. Akaloŵa ku Mattancherry amalandiridwa ndi fungo la jinja ndi tsabola, napeza sunagoge wa Ayuda womangidwa m'chaka cha 1568. Aluya nawo adazoloŵera gombeli kuyambira kale, potsata mphepo imene miyezi ina imaomba cha ku India, miyezi ina nkutembenukira ku Africa. Kodi malo otere nkunena kuti adali kuyembekeza wowatulukira?

Sindikupeputsa ulendo wa Da Gama ai. Miyezi khumi panyanja kuchokera ku Lisbon si maseŵera, ndipo kwa Azungu kuzungulira Africa idalidi njira yatsopano. Koma atafika ku Calicut, kumpoto kwa Kochi, natulutsa mphatso zake za nsalu, zipewa, mabeseni, shuga, mafuta ndi uchi, nduna za mfumu Zamorin zidaseka. Adali wogula wofika mochedwa pamsika wakale. Chachilendo chenicheni chimene Apwitikizi adabwera nacho ndi mizinga ya pazombo. M'chaka cha 1500 Pedro Álvares Cabral adaomba nayo Calicut, kenaka nathamangira ku Kochi, kumene mfumu yake, potopa ndi ulamuliro wa Zamorin, idamlandira ndi manja aŵiri. Pofika 1503 alendo aja adali atamanga linga pakhomo pa mwini mudzi. Adatchi adawalanda malowo mu 1663, Angerezi nawonso nalanda Adatchi mu 1795. Da Gama mwini adafera ku Kochi komweko mu 1524, ndipo m'tchalitchi cha St Francis alendo amaonetsedwabe pamene adagona mafupa ake asanatengedwe kunka ku Portugal.

Nkhaniyi si yakutali monga ena aganizira. Sena ndi Tete, kumene nsalu za ku India zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ya kwa Amaravi, adali kulamulidwa kuchokera ku Goa, pagombe lomwelo la India, kufikira 1752.

Mlandu wanga ndi ife aphunzitsi ngwakuti timafotokoza mbiriyi titaima m'chombo, pamene kwathu nkumtunda. Ine mawu aja ndidawafufuta, ndipo tsopano ndimalemba kuti Da Gama adafika ku India. Nkhaŵa imene yanditsalira njakuti mtsikana uja akadzayankha motero pamayeso, wochonga adzakhala ataima kuti.