Ayezi akasungunuka, mtengo amanena ndani?



Loweruka m'mawa ndinatsikira ku msika wa Nkhata Bay kukagula ndiwo. Mayi amene ndimakonda kuwagula batala ndinawapeza atagwira kuchibwano. Ayezi amene anagula mbandakucha anali atasanduka madzi dzuwa lisanafike paliwombo, nsomba zili mbwee m'beseni. Nditawafunsa mtengo anandiyankha kuti, "Abambo, ayezi akadalipo mtengo ndimanena ndine. Akasungunuka amanena ndi wogula." Mawu amenewa andikhala mumtima sabata yonse, chifukwa zimene zinachitika m'beseni muja zikuchitikanso kumalekezero a dziko lapansi.

Kumpoto kwenikweni kwa dziko kuli nyanja yotchedwa Arctic, imene kuyambira makedzana yakhala yokutidwa ndi madzi oundana. Utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene anthu tatulutsa watenthetsa dziko, ndipo akatswiri apeza kuti kuyambira 1979 dera limeneli likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Mu September 2012 ayezi wa panyanjayi anachepa mpaka kufika masikweya kilomita 3.4 miliyoni, pafupifupi theka la mmene ankakhalira zaka za m'ma 1980.

Munthu akanayembekeza kuti maiko amphamvu, poona zimenezi, adziguguda pachifuwa ndi kufunsa kuti, kodi tachitanji? Koma funso limene likumveka kwambiri ndi lina: zimene zavundukukazi n'zayani? Pansi pa ayezi uja pali mafuta, gasi ndi miyala ya mtengo wapatali. Pamwamba pake patseguka njira ya sitima zapamadzi yodutsa kumpoto kwa Russia, yaifupi pakati pa Ulaya ndi Asia kuposa yodzera ku Suez. Mu August 2007 anthu a ku Russia anatsikira pansi pa nyanja, mamita opitirira 4,000, nakazika mbendera yawo pa North Pole. Dzikolo latsegulanso malo a asilikali amene anasiyidwa itatha Soviet Union. Mu 2018 dziko la China, limene silikhudza n'komwe nyanjayi, linadzitcha mnansi wa Arctic. Bungwe la Arctic Council, limene linakhazikitsidwa mu 1996 kuti maiko asanu ndi atatu a m'derali azikambirana, linaimitsa ntchito zake mu March 2022 Russia italowa mu Ukraine. Finland inalowa m'gwirizano wa nkhondo wa NATO mu 2023, Sweden mu 2024. Tsopano asanu ndi awiri ali mbali imodzi, Russia ili mbali inayo.

Pali chilumba cha Greenland, chimene chili pansi pa ufumu wa Denmark koma chili ndi boma lakelake, ndipo anthu ake safika 60,000. Mu 2019 Donald Trump ananena kuti akufuna kuchigula, ndipo atabwereranso pampando mu 2025 anabwereza. Eni ake anayankha kuti dziko lawo si malonda. Inu owerenga Mawu, simukukumbukira Naboti wa pa 1 Mafumu 21, amene mfumu inasirira munda wake wamphesa chifukwa unali pafupi ndi nyumba yachifumu? Ayezi akasungunuka, wamphamvu amafuna kunena mtengo.

Wina afunsa kuti, kodi ife a kuno kwa kondowole ndi usipa zikutikhudza bwanji? Ndinene mosabisa: madzi a ayezi wa kumpoto sadzathira m'nyanja yathu, popeza ife tili pamtunda, mamita opitirira 470 kuchokera pa nyanja zamchere. Koma kutentha kumene kukusungunula ayezi ndi komweko kumene kwasokoneza nyengo zathu. Sitinaiwale namondwe wa Freddy amene anapha abale athu mazanamazana kummwera mu March 2023, kapena mmene nyanja inakwerera mu 2024 ndi kumiza nyumba, minda ndi malo ogona alendo m'mphepete muno.

Komanso yesero limene lagwera maiko a kumpoto linafika kale pakhomo pathu. Pangano la pa 1 July 1890 pakati pa Britain ndi Germany, lotchedwa Heligoland, linaika malire kumpoto kwa nyanja yathu pa gombe la kummawa, kutsidya kwa Tanzania. Anzathu a ku Tanzania amati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi. Mkanganowu unabuka m'zaka za m'ma 1960, kenaka unagona tulo. Chinaudzutsa n'chiyani? Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo ku kampani ya Surestream Petroleum kuti ifufuze mafuta kumpoto kwa nyanja, ndipo mu 2012 Tanzania inati ntchitoyo iime. Mawu akuthwa anamveka mbali zonse ziwiri. Atsogoleri opuma, a Joaquim Chissano, a Thabo Mbeki ndi a Festus Mogae, anayesa kukhala amkhalapakati, koma zokambirana zinaima popanda mgwirizano. Zaka zonse zimene nyanja inkangopereka nsomba, asodzi a kuno ndi a ku Mbamba Bay ankapalasa mabwato awo mwamtendere. Mbiri ya mafuta itamveka, tinayamba kuyang'anana ndi diso lofiira.

Pa Genesis 26 timawerenga za Isake m'chigwa cha Gerari. Anyamata ake atakumba chitsime napeza madzi, abusa a kumeneko anachilimbirana. Anakumba china, nacho anachilimbirana. Taonani kuti nthaka ija isanatulutse madzi panalibe wokangana. Isake anatcha zitsime ziwirizo maina okumbutsa ndewu ndi udani, koma chachitatu anachitcha Rehoboti, popeza Yehova anawapatsa malo okwanira onse. Pomaliza Abimeleki anabwera, iwo nachita pangano, nadyera pamodzi.

Rehoboti wa masiku ano alipo, abale, ndipo ali komweko kozizira. Kummwera kwenikweni kuli Antarctica, dziko lalikulu la ayezi limene maiko angapo ankati ndi lawo. Pa 1 December 1959 maiko 12, kuphatikizapo South Africa, America ndi Soviet Union, anasaina pangano loti kumeneko kusakhale malo a asilikali, kusayesedwe mabomba a nyukiliya, ndipo nkhani ya umwini iyambe yaikidwa pambali. Mu 1991 ku Madrid anawonjezera lamulo loletsa kukumba migodi ndi mafuta. Nakonso kumpoto, Norway ndi Russia anakangana zaka pafupifupi 40 pa malire a m'nyanja ya Barents, koma mu September 2010 anasaina pangano ku Murmansk popanda kuwomba mfuti. Dziko laling'ono ndi dziko lalikulu anakhala pansi namaliza mlandu.

Choncho maganizo anga ndi awa. Ndimakhulupirira kuti Malawi ali ndi mfundo yolimba, pakuti mu 1964 ku Cairo maiko a mu Africa anagwirizana kulemekeza malire amene anawapeza polandira ufulu. Mfundoyi tiziiteteza ndi malamulo ndi zokambirana. Koma mafuta a pansi pa nyanja tiwasiye pomwe Mulungu anawaika, monga anachitira anzathu ku Antarctica.

Ndikudziwa chimene ena a inu munene. Tagona pa mizere ya mafuta, ndalama zakunja zikusowa, ana athu akuthawira ku Joni. Bwanji osauka asakumbe pamene olemera akukumba? Funsoli ndi lolemera, ndipo amene anatenthetsa dziko si ife. Komabe taganizani. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo ili ndi khomo limodzi lokha lotulukira, mtsinje wa Shire. Madzi ake ambiri amachoka mouluka ndi dzuwa, ndipo zonyansa zimatsala. Mafuta akatayika mmenemo adzawapeza ndi adzukulu a adzukulu athu. Muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo ndi yomweyi imene timamwa, kuchapa ndi kulipirira ana sukulu. Kampani ikalephera imapakira katundu n'kupita. Mayi wa batala uja adzapita kuti?

Ndikupempheni zinthu zitatu. Choyamba, aphungu ndi makhansala akabwera kudzatipempha mavoti, tiwafunse poyera maganizo awo pa za kukumba mafuta m'nyanja, ndipo asodzi ndi amayi a geni ya nsomba amvedwe chisankho chilichonse chisanapangidwe. Chachiwiri, tisalole mkangano wa maboma kulowa mumsika. Mtanzania wogulitsa zitenje kapena wogula usipa ndi mnansi wathu. Mwera ukakuntha sufunsa chiphaso cha munthu amene ali m'bwato. Chachitatu, tisamale chimene tikuti ndi chathu. Sitinganene kuti nyanja ndi yathu kwinaku tikuwedza ndi maneti a udzudzu, tikugwetsa mitengo m'mapiri ndi kutaya mapulasitiki pa gombe. Mulungu anaika Adamu m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo udindo umenewu sunathe.

Lamulungu likubwerali tipempherere anthu a ku Greenland, asodzi anzathu amene sitidzawaona ndi maso. Tipempherere atsogoleri a ku Lilongwe ndi a ku Dodoma kuti akhale ndi mtima wa Isake. Tipemphererenso onse amene usiku uno ali panyanja ndi nyali zawo, a tsidya lino ndi a tsidya ilo, kuti abwerere kumtunda ali amoyo.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.