Gogomole wa ku Fort Bragg ndi mizinga ya asilikali

Ku Fort Bragg, m'chigawo cha North Carolina ku America, kuli mitengo ya paini imene asilikali ankailambalala ngati manda. Inali yopakidwa mizere iwiri yoyera pathunthu, chizindikiro choti muli phanga la gogomole wa mtundu wa red-cockaded, mbalame imene boma linalengeza mu 1970 kuti yatsala pang'ono kutha. Mu 1990 nthambi yoona za nyama zakutchire inagamula kuti zochita za asilikali zikuika mbalameyi pangozi, ndipo kukumba maenje, kumanga misasa ndi kuimika magalimoto kunaletsedwa pa mtunda wa mamita pafupifupi 60 kuzungulira mtengo uliwonse wotere.

Asilikali anadandaula, ndipo dandaulo lawo linali lomveka. Malowa anapatulidwa mu 1918 kuti anthu aziphunzirirapo kuombera mizinga. Lero ndi kwawo kwa gulu la 82nd Airborne Division, lija lodumpha mundege ndi maparachuti. Msilikali amakachita kunkhondo zimene thupi lake linazolowera pophunzira. Akazolowera kuthawa mthunzi wa mtengo chifukwa cha utoto woyera, kapena kungonena pakamwa kuti “apa ndakumba dzenje” koma fosholo osaigwira, tsiku la zipolopolo zenizeni chizolowezi chimenecho chidzamupha.

Analinso ndi mfundo ina yowawa. Amene anatha nkhalango si iwo. Paini wa longleaf, amene gogomoleyu amakonda, ankadzaza maekala pafupifupi 90 miliyoni kummwera chakummawa kwa America, koma ocheka matabwa, alimi ndi omanga mizinda anasiyako kachigawo kochepa kwambiri. Mbalame inatsala mumpanda wa asilikali chifukwa kunja malo okhala anali atachepa kwambiri. Nanga bwanji mlandu ugwere amene anasunga mitengo, pamene amene anaidula akugona tulo?

Oteteza chilengedwe nawo sankalankhula zopanda mutu. Malo a asilikali ndi a mtundu wonse, ndipo ku America lamulo la Sikes Act la mu 1960, lomwe linalimbitsidwa mu 1997, limalamula kuti malo otere azikhala ndi ndondomeko yosamalira zachilengedwe. Kuonjezera apo, gogomoleyu sangauzidwe kuti asamuke. Amaboola phanga lake mumtengo wamoyo, wakale ndithu, ndipo ntchitoyo imamutengera zaka. Amajompha khungwa kuti utomoni uzichucha, njoka zilephere kukwera. Msilikali angathe kusuntha msasa wake tsiku limodzi, koma paini woti mbalameyi iboole amatenga zaka makumi ambiri kuti akhwime.

Chimene chinayanjanitsa mbali ziwirizi ndi moto. Ife tikamva za moto mu paini timaganiza za chiwonongeko cha ku Chikangawa, koma longleaf amakula ndi moto. Popanda kutentha, mitengo ing'onoing'ono imayangana pansi pake ndipo gogomole amachokapo. Zinaoneka kuti moto woyamba ndi mabomba unali kusamala nkhalango mosadziwa, mpaka gulugufe wina, Saint Francis' satyr, amene sapezeka kwina kulikonse padziko, anapulumukira m'madambo a komwe kumagwera mizinga. Anthu a nkhalango anayamba kutentha tchire mwadala, pafupifupi zaka zitatu zilizonse, ndi kuikira mbalame mapanga opangidwa ndi anthu m'mitengo. Nkhalango yoyera pansi inakomeranso msilikali, chifukwa amaona patali ndipo amayenda mosakodwa. Asilikali anagwirizananso ndi bungwe la The Nature Conservancy kuteteza malo a kunja kwa mpanda, zomwe zinapatsa mbalame danga komanso kuletsa nyumba kuyandikira phokoso la mfuti. Pofika 2005 chiwerengero cha mbalame chimene chinkafunika, magulu oswana 350, chinakwana, zoletsa zambiri zinachotsedwa, ndipo mu 2024 boma linatsitsa mbalameyi pa mndandanda wa zimene zili pangozi yaikulu.

Nkhaniyi ndi yokoma, koma isatipusitse. Ku Fort Bragg zinayenda chifukwa zofuna za mbalame ndi za msilikali zinakumana, ndiponso chifukwa lamulo linayamba laluma. Kwina sizinakumane. Ku Camp Edwards, ku Cape Cod, boma linaimitsa kuombera mizinga mu 1997 poteteza madzi a pansi pa nthaka amene anthu a kumeneko amamwa, chifukwa mankhwala a m'mabomba anali kulowerera pansi. Ku Eagle River Flats, ku Alaska, abakha akutchire zikwizikwi anafa atameza tizidutswa ta white phosphorus tochokera m'mabomba a asilikali totsalira m'matope. Apa panalibe zoti bomba linathandiza chilengedwe. Madzi akatayika saoleka.

Choncho poyeza nkhaniyi ndi bwino kusiyanitsa mabala awiri. Pali bala lopola: udzu wopsa umaphuka, njira ya akasinja imameranso ikapumitsidwa, dzenje limakwiririka. Pa zoterezi oteteza chilengedwe ayenera kulolera, pakuti walira mvula walira matope, ndipo dziko lofuna asilikali odziwa ntchito lisayembekezere kuti tchire lawo likhala losapondedwa. Koma pali bala losapola: chiphe m'chitsime, mtengo wa zaka zana wogwetsedwa, mtundu wa nyama wotheratu. Pa izi mawu oti “chitetezo cha dziko” sakwanira, ndipo pafunika wina wa kunja kwa mpanda wokhala ndi mphamvu yonena kuti “lekani”. Ku Fort Bragg mawu amenewo ananenedwa mu 1990, asilikali anakwiya nawo, koma mizinga ikulirabe ndipo gogomole akugogodabe paini wake.