Zipupa za Mzuzu zikumbukire antchito, koma mosanama

Munthu akatsika basi padepoti ya Mzuzu n'kulowera kumsika, zomwe zimamulonjera pazipupa ndi malonda: sopo, mayunitsi, mbewu ya chimanga. N'kovuta kupeza chithunzi chokumbutsa kuti mzindawu udakula kuchokera pa esiteti ya mitengo ya tung kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi thukuta la anthu olima ndi kuyenga mafuta ake.

Antchitowa akuyenera chipupa chawo. Koma khonsolo ya mzindawu ikadzaganiza zoitana akatswiri ojambula, iyambe yamva zomwe zidachitika ku Italy.

Boma la Benito Mussolini lidadzaza nyumba zaboma ndi zithunzi komanso ziboliboli za alimi, osula zitsulo ndi amisiri, onse amphamvu ndiponso okhuta. Nyumba ya Palazzo della Civiltà Italiana ku Rome ili ndi ziboliboli 28 zoimira ntchito ndi maluso osiyanasiyana. Chikhalirecho boma lomwelo lidaletsa sitiraka mu 1926. Wantchito wamwala ankalemekezedwa, wamoyo akatsegula pakamwa ankakaonera ndende.

Akuluakulu a kuno sangadabwe nazo. Ndalama zapepala za nthawi ya chipani chimodzi zinali ndi Kamuzu kumaso, kumbuyo anthu ali kalikiliki m'minda. Pawailesi mlimi ankatamandidwa, koma pamene Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito wochokera ku Rumphi, adabwerera kumudzi mu Epulo 1992 kudzalankhula za demokalase, adamangidwa atangotsika ndege. Mwezi wotsatira antchito atanyanyala ntchito ku Blantyre, anthu ambiri adaphedwa pazipolowe zomwe zidabuka.

Anthu a mumzinda wa Bolzano ku Italy sadagumule chosema chachikulu cha Mussolini ali pahatchi. Mu 2017 adaika pamwamba pake mawu owala a Hannah Arendt otsutsa kumvera mwakhungu, kuti mwana wodutsa aone bodza ndi yankho lake pamodzi. Idali nzeru imeneyo.

Mzuzu ili ndi mwayi woyamba pachipupa choyera. Ajambulidwe wakabaza wokwera chitunda atanyamula matumba, mayi wothyola tiyi ku Kawalazi, mnyamata wocheka matabwa ku Chikangawa. Nkhope ya wandale, kaya wachipani chiti, isaonekepo. Ndipo pansi pa aliyense palembedwe ndalama yomwe amapita nayo kunyumba dzuwa likalowa.