Chikuku cha Mwana Kapena Mbereko?

Sabata ino tikambirane za kanyamulidwe ka khanda paulendo, popeza nkhaniyi yakhala ikubwera kawirikawiri m'misonkhano yathu ya amayi. Ana athu aakazi okwatiwa ku Lilongwe akufunsa ngati nkoyenera kugula chikuku chokankhiramo mwana, chija Azungu amachitcha pram, ndipo ena amuna awo ali ku Johannesburg awalonjeza kuwatumizira pa basi. Tsono poti ndalama siitoledwa pansi, ndiponso khanda silitha kunena pamene lapanikizika, ndi bwino tiyambe taganiza tisanagule.

Kumene chinachokera

Chikuku si cha dzulo ayi. M'chaka cha 1733 mmisiri wina wa ku England, William Kent, anapangira ana a munthu wina wolemera kangolo koti kazikokedwa ndi mbuzi kapena kavalo wamng'ono. Kwa zaka zambiri zikuku zinali zazikulu ndi zolemera, zoyenera mabanja okhala ndi antchito. Mu 1965 bambo wina, Owen Maclaren, yemwe kale ankagwira ntchito yokonza ndege, ataona mwana wake wamkazi akuvutika ndi chikuku cholemera paulendo, anapanga china cha aluminiyamu, chopindika ngati ambulera, cholemera pafupifupi makilogalamu 3 okha. Zikuku zopepuka za masiku ano zinachokera pamenepo. Koma tisaiwale kuti zonsezi anazipangira misewu yosalala ndi mabasi okhala ndi malo.

Yambani mwayang'ana njira yanu

Musanafunse mtengo, yendani m'maganizo njira yochokera pakhomo panu kukafika ku sikelo, kumsika ndi ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Kuno ku Senga Bay, mukangochoka pa tala mwaponda mchenga, ndipo timatayala tating'ono timatitimira pomwepo. Mayi amene amati apepukidwe amapezeka wanyamula mwana ndi chikuku chomwe. Ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25 kuli ngalande, miyala, ndi matope a m'dzinja, ndipo m'malo ambiri woyenda pansi amalimbirana msewu ndi galimoto. Apo khanda la m'chikuku limakhala pansi, kufupi ndi utsi ndi fumbi, ndiponso limakhala patsogolo panu pamene mukufuna kuoloka msewu.

Ganiziraninso za kukwera. Kuchoka ku Senga Bay kupita ku boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo kuchoka ku Salima kukafika ku Lilongwe ndi pafupifupi 100. Nonse mukudziwa mmene minibasi imadzazira. Chikuku chikalowa kumbuyo chimatsamiridwa ndi matumba a mpunga ndi madengu a usipa, ndipo kondakitala sachedwa kuchitchulira mtengo wake ngati katundu. Nanga pa kabaza mungachigwire ndi dzanja liti, khanda lili m'manja?

Khanda ligone chagada

Apa ndiye pagona nkhani. Mwana wongobadwa kumene khosi ndi msana wake zimakhala zosalimba. Mukamkhazika chotsamira, mutu umagwera kutsogolo, chibwano nkugunda pachifuwa, ndipo njira ya mpweya imachepa. Mwana wotere salira ayi, amangokhala chete, inu nkumati wagona. Chifukwa cha ichi, kufikira atakwana miyezi 6, mwana ayenera kugona chagada pamalo oyalika ngati mphasa. Zikuku zambiri zopepuka za mtundu wa ambulera zija nza mwana wodziwa kale kukhala pansi. Choncho wogulitsa akakuuzani kuti nchopepuka, inu mfunseni kuti agonetse chotsamira chake mpaka pansi, muone ndi maso anu. Chikakana kugona, si cha khanda, ngakhale chikongole motani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mwatsimikiza kugula

Choyamba, chinyamuleni. Zikuku zazikulu zimalemera makilogalamu 10 mpaka 15, ndiye kuti theka la ndowa ya malita 20 kapena kuposerapo. Zopepuka zimakhala za makilogalamu 6 kapena 7. Kupatirani chigubu cha madzi cha malita 5 m'dzanja limodzi ngati mwana, ndipo yesani kupinda chikukucho ndi kuchinyamula ndi dzanja linalo. Mukalephera m'sitolo, dziwani kuti pa depoti mudzalepheranso.

Chachiwiri, yesani mabuleki. Pondani buleki ndi kukankha mwamphamvu, chikaseseleka, chisiyeni. Chachitatu, onani malamba. Akhale asanu: awiri a m'mapewa, awiri a m'chiuno ndi wina wodutsa pakati pa miyendo, ndipo chomangira chake chizigwira bwino. Chachinayi, sankhani cha matayala aakulu ndi olimba. Akakhala opopa, funsani ngati okonza njinga angathe kuwamata, pakuti chinthu chosowa mmisiri chimathera kuseri kwa chitseko.

Ambiri timagula pa kaunjika, ndipo palibe cholakwa. Koma yang'anani dzimbiri, ming'alu, ndi misomali yogwedera. Chitambasuleni ndi kuchitsamira ndi manja onse awiri, muone ngati sichipindika chokha, chifukwa chikatero mwana ali m'kati ndi ngozi yaikulu. Nsalu yake muichape ndi sopo ndi kuyanika padzuwa mwana asanagonemo. Ndipo musazolowere kupachika chikwama cholemera pa chogwirira, pakuti chikuku chopepuka sichichedwa kugwa chagada.

Dzuwa ndi udzudzu

Ife a kunyanja timadziwa kutentha kwa October ndi November. Amayi ena pofuna kutchingira mwana dzuwa amafunditsa chikuku chonse ndi chitenje kapena bulangete. Chonde musatero. M'katimo mphepo siilowa, mumatentha ngati mu uvuni, ndiponso simuona nkhope ya mwana. Gwiritsani ntchito kadenga kake, yendani m'mawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo muyamwitseni pafupipafupi. Madzulo phimbani ndi neti yopyapyala kuopa udzudzu, pakuti malungo kuno sasewera. Usiku mwana agone m'neti pamodzi ndi mayi ake. Chikuku si bedi.

Mukakwera minibasi

Mtulutseni mwana m'chikuku musanakwere, ndipo chipindeni galimoto isanafike. Ngati mwambereka, mtembenuzireni kutsogolo musanakhale pansi, kuti angapanikizike pakati pa msana wanu ndi mpando dalaivala akaponda buleki. Pewani mpando wakutsogolo ndi wa pakhomo. Musalole kuti khanda lizipatsiridwa m'manja mwa anthu osawadziwa, ena a chifuwa ndi chimfine. Njinga yamoto muipewe ndithu pamene pali njira ina, popeza palibe chipewa choteteza mutu wa khanda. Ulendo wa katemera wa pa masabata 6, 10 ndi 14 suyenera kuphonyedwa, choncho konzeranitu kayendedwe kake ndi abambo a kunyumba tsiku lisanafike.

Mbereko isanyozeke

Alipo atsikana ena amene akafika m'tauni amachita manyazi kubereka mwana, amvekere nzachimidzi. Amayi, tiwauze ana athu zoona. Chitenje sichilipira malo m'basi, sichititimira mumchenga, chimasiya manja onse awiri akugwira ntchito, ndipo mwana akasintha kapumidwe kapena akatentha thupi mayi amamva msanga.

Ngakhale madokotala amachichitira umboni. Mu 2015 madokotala a mafupa a pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre analemba kuti mwa ana oposa 40,000 amene anawaona pa zaka 10, sanapeze khanda lobwera ndi vuto la kuguluka kwa mafupa a m'chiuno, vuto lodziwika kwambiri kumene amakulunga makanda miyendo itawongoka. Iwo anaganiza kuti kubereka kwathu, kumene mwana amatangadza miyendo mawondo atapindika, ndiko kumathandiza.

Kumbukiraninso chisamaliro cha kangaru. Chinayamba mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, kaamba kosowa makina ofunditsira ana obadwa masiku asanakwane. Kuno kwathu chinayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wotere aikidwe pachifuwa cha mayi ake atangobadwa. Choncho mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 malo ake ndi pachifuwa, khungu kukhudza khungu, womangidwa ndi chitenje. Chikuku chidikire kaye.

Koma nakonso kubereka kuli ndi malamulo ake. Mwana wongotuluka kumene m'chikuta ndi bwino kumnyamulira kutsogolo, kumene mungathe kumuona. Pomuika kumbuyo khosi lisanalimbe, chitenje chifike mpaka kunkhongo kuti mutu usamagwe, nkhope ipenye kumbali, mphuno ndi pakamwa zikhale poyera. Chitenje chikhale cholimba, mfundo yake yogwira. Ndipo pokazinga, pophika ndi nkhuni kapena powamba nsomba, mtsitseni mwana, pakuti utsi umamuononga m'chifuwa.

Amene chingawathandize

Sindikuti chikuku nchachabe ayi. Mayi amene anachira kudzera pa opaleshoni, amene bala silimlola kumanga chitenje pamimba, chingamthandize. Chimodzimodzinso mayi wa amapasa, wodwala msana, kapena wogulitsa mu golosale amene afuna pogoneka mwana pafupi naye, posakhala pansi. Kwa okhala kumene misewu ili yosalala, kapena amene ali ndi galimoto, ndi chinthu chabwino. Ndiponso abambo ambiri amene amachita manyazi kubereka sakana kukankha chikuku, ndipo mayi amapumako.

Komabe ndalama ili ndi poyambira. Yambani ndi neti, zitenje zokwanira, matewera, sopo, chakudya cha mayi woyamwitsa, ndi kandalama kapadera kothamangira kuchipatala usiku. Zikatsala, ndiye ganizani za chikuku. Mlamu kapena bambo ali kunja akafunsa choti atumize, muuzeni mwaulemu za mchenga ndi minibasi, angataye ndalama pa chinthu chodzasungiramo mapoto. Ndipo m'magulu athu tingathe kusonkherana chimodzi cholimba, chomabwerekana kwa mayi amene wachifunadi, popeza khanda silichedwa kukula.

Inu apongozi, musaseke mkamwana wobwera ndi chikuku kuchokera m'tauni. Muthandizeni kuona ngati mwana wagona bwino. Nanunso a m'tauni musanyoze wobereka. Safunsa anadya phula, choncho pa sikelo yotsatira afunseni anamwino kapena alangizi a zaumoyo akuonetseni kanyamulidwe koyenera msinkhu wa mwana wanu.

Sabata yamawa tidzakambirana za kaphikidwe ka phala la mwana wa miyezi 6 pogwiritsa ntchito usipa wosinja ndi nsinjiro.