Kaloba asatilande tulo

Dzina la komboni yathu, Chawama, limanena kuti zinthu zili bwino. Koma ambiri a ife timagona mtima uli m'mwamba cifukwa ca kaloba. Mnansi akagula foni yatsopano, nafenso tithamangira kukongola. Mwezi ukatha, mwini ndalama abwera kudzanyamula wailesi ndi matiresi, ana n'kugona pamphasa. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Cilala ca 2024 cinatiphunzitsa. Cimanga cinauma m'minda, madzi anacepa ku Kariba, malaiti anali kuzima maola ambiri, ndipo tinali kudalira unga wa pamela. Amene anapezako mpumulo ndi aja anali atasunga matumba angapo kumudzi, ndi aja anali m'cilimba.

Sitikunena kuti umphawi ndi wabwino. Za ngalande zotsekeka ndi kolera tipitirize kufunsa akhansala. Koma za m'thumba mwathu zili kwa ife. Alimi anzathu, tisagulitse cimanga conse tikangokolola. Akhristu, tizikambirana izi kumphakati. Tisanakongole, tigone kaye usiku umodzi, tifunsane m'nyumba: kodi cinthuci cikasowa, ana agona ndi njala?